Kalasi yolira ngati mgolo: kodi kompyuta ingatiuze pofunika kukonza?

Funso: Ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale. Chaka chatha tinalandira buloko yatsopano ya makalasi awiri: makoma a pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Kukongola ndiye n'kosayamba, koma mawu m'katimo sakumveka. Ana akumbuyo amangoyang'ana pakamwa pa mphunzitsi, ndipo aphunzitsi awiri amene ndinawaika kumeneko amafika Lachinayi mawu atasasa. Akomiti akuti tigule sipika ndi maikolofoni. Mnyamata wina amene anaphunzira pathu pano, yemwe tsopano akuchita maphunziro ojambula mapulani a nyumba, akuti pali mapulogalamu a pakompyuta oonetsa mmene mawu amayendera m'chipinda, otha kutiuza pokonza tisanawononge ndalama. Kodi n'zoona? Nanga ife a ndalama zochepa zingatithandize?

Yankho: Ahedi, mnyamata wanuyo sakunama, ndipo mumusunge bwino. Mapulogalamu amenewo alipodi, ine ndimawagwiritsa ntchito nthawi zambiri. Koma ndisakunamizeni kuti kompyuta ikangoyatsidwa ndiye kuti vuto latha. Kompyutayo sinalowepo m'kalasi mwanumo. Imadziwa zokhazo zimene munthu waiuza, ndipo akaiuza zabodza imabweza zabodza zomwezo, zitangovala mitundu yokongola. Ntchito yaikulu ili m'manja mwa inu ndi mnyamatayo, ndipo zida zake ndi tepi yoyezera, foni ndi pensulo. Za sipika, apempheni akomiti ayambe aigwira ndalamayo. Ndifikako.

Loweruka likubwerali, m'mawa kunja kukadali zii, lowani nokha m'kalasimo, mutseke chitseko, muime pakati, muombe m'manja kamodzi kokha mwamphamvu. Kenaka mvetserani. Kuombako kumatha pomwepo, koma mumva kamchira ka phokoso katatsalira m'mwamba, kakuzilala pang'onopang'ono. Kamchira kameneko ndiye mdani wanu woyamba. Mawu akachoka pakamwa salunjika kukhutu kokha ayi. Amagunda khoma n'kunjanja, agunde malata, agunde simenti ya pansi, abwererenso kukhoma, ndipo pamalo olimba ndi osalala ngati amenewa sataya mphamvu yambiri. Pulasitala wopaka penti amamwa magawo pafupifupi 2 okha pa 100 a mawu omugunda, otsalawo amabwerera m'chipinda. Akatswiri amayeza nthawi imene phokoso limatenga kuti litsike ndi madesibelo 60 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), kapena tinene kuti lizimiririke, ndipo pamapepala awo amailemba kuti RT60. Ife pano tiziitchula kuti nthawi ya kulira kwa chipinda.

Inu ndi mphunzitsi, ndiye chimene kulira kumeneku kumawononga muchimva msanga. Munthu woyankhula bwinobwino amatulutsa maphatikizo anayi kapena asanu pa sekondi. Ngati chipinda chikulira masekondi awiri, phatikizo loyamba limakhala likuzungulirabe m'mwamba pamene lachisanu ndi chitatu likutuluka. Otsalira m'mwambawo amakhala malembo a liwu, a, e, i, o, u, poti ndiwo amphamvu. Okwiririka amakhala opanda liwu, omwe ndi ofooka, chonsecho ndiwo amasiyanitsa mawu. Kampweya kolekanitsa "pala" ndi "phala", kapena "kanda" ndi "khanda", n'kakang'ono zedi. Wamkulu akaphonya kampweyako amangolumikiza ndi nzeru chifukwa nkhaniyo akuidziwa. Mwana wa Sitandade 1 alibe cholumikizira, mawuwo akuwamva koyamba. Paphunziro la Chingerezi ndiye zimanyanya. Mawu athu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, pamene a Chingerezi ambiri amathera pa lembo lopanda liwu, ndipo tanthauzo limabisala kumapeto komweko. Kumbuyo kwa kalasi yolira, "walk", "walks" ndi "walked" amamveka ngati liwu limodzi. Mwanayo akalemba zolakwika timati ndi wogona, pamene khutu lake silinalandire chimene tikumufunsacho. Onjezanipo mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka, ndi uja wotuluka mafinya m'khutu amene sasowa m'kalasi iliyonse yaikulu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ana oterewa ndiwo amabwereza kalasi, mwina n'kusiyiratu sukulu, popanda wodziwa kuti mlandu wina unali wa chipinda.

Mdani wachiwiri ndi phokoso, ndipo awiriwa amadyetsana. Dokotala wa makutu ndi pakhosi wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza m'chaka cha 1911 kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu yekha osadziwa. M'chipinda cholira, kunong'ona kwa ana, kukhosomola ndi kukhukhuluza madesiki sikuzima msanga. Mphunzitsi amakweza mawu, ana amakweza awo, chipinda chimabweza zonse. Mmenemo ndi mmene mawu a aphunzitsi anu akuthera pofika Lachinayi.

Pali miyeso imene mayiko anagwirizana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalemba mu 1999 kuti m'kalasi phokoso lakumbuyo lisapitirire madesibelo 35, ndipo kulira kwa chipinda kukhale masekondi 0.6. Muyeso wa ku America wa 2002, ANSI S12.60, umanenanso zomwezo pamakalasi a kukula kwanthawi zonse, ndipo malamulo omangira sukulu ku England, otchedwa BB93, amaika 0.6 kupulayimale ndi 0.8 kusekondale. Ku Canada, John Bradley ndi Hiroshi Sato atayesa ana m'makalasi enieni anapeza kuti a giredi 6 amafuna mawu a mphunzitsi apose phokoso ndi madesibelo pafupifupi 15 kuti amve bwino, koma a giredi 1 amafuna pafupifupi 20. Ang'onoang'ono ndiwo ofuna chipinda chabwino koposa, koma kwathu kuno ndiwo amathithikana kwambiri chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Umboni woti kukonza kumapindula ulipo. Ku New York, Arline Bronzaft anapeza mu 1975 kuti pasukulu ina yoyandikana ndi njanji, ana a giredi 6 okhala mbali ya sitima anali kumbuyo pakuwerenga ndi pafupifupi chaka chathunthu poyerekeza ndi anzawo a mbali inayo ya nyumba yomweyo. Panjanji ataikapo mphira ndipo m'makalasi ataikamo siling'i yomwa mawu, anabwerera kukayesanso, n'kupeza kuti kusiyana kuja kwatha.

Tisanafike pakompyuta, ndikufotokozereni za munthu amene anayambitsa sayansi imeneyi, chifukwa njira yake ndi imene ikuyenerani inu. Mu 1895 yunivesite ya Harvard inatsegula nyumba yatsopano, Fogg Art Museum, momwe munali chipinda chophunzitsira chimene liwu linkalira masekondi oposa asanu. Vuto lanu lomweli: nyumba yokongola, mawu osamveka. Anapatsa ntchito yokonza mphunzitsi wachinyamata wa fizikisi, Wallace Sabine. Iye ndi omuthandiza ankadikira pakati pa usiku mzinda utagona, n'kusenza makushoni a pamipando kuchokera ku Sanders Theatre, holo ina ya pomwepo, kuwayala m'chipindacho, kuliza chitoliro cha limba, n'kuwerenga pawotchi nthawi imene kulirako kunkatenga kuti kuthe. Kusanache ankabweza makushoniwo. Atachita zimenezi zaka zingapo anapeza samu imene tikugwiritsabe ntchito lero. Chilichonse ankachiyerekeza ndi zenera lotsegula, popeza mawu otulukira pazenera sabwereranso. Zenera lotsegula amalipatsa 1, chinthu chomwa theka la mawu amachipatsa 0.5, pulasitala uja 0.02. Mukachulukitsa nambala ya chinthu chilichonse ndi kukula kwake m'masikweya mita, n'kuphatikiza zonse, mwapeza kuchuluka kwa zomwa mawu m'chipindamo. Ndiye nthawi ya kulira ndi 0.16 kuchulukitsa ndi kukula kwa m'kati mwa chipinda m'makiyubiki mita, kugawa ndi zomwa mawu zija.

Simunandiuze miyeso ya kalasi yanu, choncho tiyerekeze kuti ndi mamita 9 mulitali, 7 mulifupi, ndipo kuchokera pansi kufika kumalata, tikatenga pakatikati, ndi mamita 3.5. M'kati mwake ndi makiyubiki mita 220. Pansi pa simenti, masikweya mita 63, patipatsa 1 ndi kakang'ono. Makoma atipatsa 3, malata 3, magalasi 1, madesiki mwina 4. Zonse pamodzi n'zapafupifupi 12. Samu ija ikutulutsa masekondi 2.9. Mukatsegula mazenera okwana masikweya mita 5, zomwa mawu zifika 17 ndipo kulira kutsika kufika 2.1. Tsopano lowetsani ana 70. Thupi ndi zovala za mwana mmodzi zimamwa mawu ngati zenera la masikweya mita pafupifupi 0.3, ndiye anawo abweretsa 21, zonse zifike 38, kulira kutsike kufika 0.9. Taonani zimenezo: pakadali pano chimene chikumwa mawu m'kalasi mwanu ndi ana enieniwo. N'chifukwa chake tsiku la msika kapena la mvula, ana akabwera ochepa, chipindacho chimalira kuposa masiku onse.

Ikani siling'i pamamita 3. M'kati mwa chipinda mutsika kufika makiyubiki mita 189. Ikakhala yosalala ndi yolimba, monga ya pulasitiki kapena pulayiwudi yopaka penti, zomwa mawu sizisintha kwenikweni, ndipo ana ali momwemo mupeza pafupifupi 0.8. Ikakhala ya softboard, bolodi lofewa lija la siling'i, yosapaka penti wonyezimira, imene mabuku ambiri amaipatsa pafupifupi 0.3 ikakhala ndi mpata kuseri kwake, zomwa mawu zifika 54 ndipo kulira kutsika kufika pansi pang'ono pa 0.6. Miyeso ya kunja ija imayezedwa m'chipinda chopanda ana, choncho sitinganene kuti taikwanitsa, koma khutu la mwana wakumbuyo lidzamva kusinthako tsiku loyamba. Samu yonseyi yatha patsamba limodzi la kope, ndipo yatiuza kale kuti mtundu wa siling'i ndi nkhani yaikulu kuposa kungokhala ndi siling'i.

Nanga kompyuta ikubwera kudzatani? Samu ya Sabine imatiuza kuchuluka kwa zofunika, koma siitiuza poziika. Imaganiza ngati mawu amwazikana mofanana m'chipinda monse, ndipo imatulutsa nambala imodzi ya kalasi yonse, pamene inu vuto lanu lili pa mwana wa pakona yakumbuyo. Apa ndi pamene pulogalamu imadyera ndalama zake.

Mnyamatayo adzajambula kalasiyo mukompyuta, makoma, denga, mazenera ndi chitseko, mosachulukitsa tinthu ting'onoting'ono. Mizera ya malata ndi miyendo ya madesiki sazijambula chimodzichimodzi. Malo aliwonse amawapatsa manambala a kamwedwe ka mawu, kuyambira mawu a besi a mahetsi 125 kufika mawu osongoka a mahetsi 4000 (mahetsi amayeza kunenepa kapena kusongoka kwa mawu), ndi nambala ina yonena ngati malowo amabweza mawu molunjika ngati galasi kapena amawamwaza ngati mulu wa madesiki. Kenaka amaimika mphunzitsi pabolodi, pakamwa pake mamita 1.5 kuchokera pansi, n'kuika makutu a ana m'malo osiyanasiyana. Ngati ana anu amakhala pansi, makutuwo atsitsidwe, asakopere msinkhu wa m'mabuku a ku Ulaya. Akatero pulogalamu imaponya timizere masauzande ambiri kuchokera pakamwa pa mphunzitsi kupita mbali zonse, n'kutsata kamzere kalikonse: kagunda pati, kataya mphamvu yochuluka bwanji, kafika pakhutu liti patapita nthawi yanji. Njira imeneyi anaiyambitsa Asbjørn Krokstad ndi anzake awiri ku Trondheim, m'dziko la Norway, mu 1968.

Chimene ndimakonda kuona poyamba ndi mapu a nambala yotchedwa STI, imene inapangidwa ku Netherlands yoyezera kamvekedwe ka mawu oyankhula. Imayambira pa 0 kufika pa 1. Kuposa 0.6 ndi bwino, kuposa 0.75 ndi bwino kwambiri, pansi pa 0.45 ndiye kuti womvera akungolota. Mapuwo amaonetsa desiki ndi desiki pamene mawu akufera. Pamenepo mungasunthe zinthu mukompyuta momwemo popanda kugula msomali ndi umodzi womwe, ndipo mumaphunzira zinthu ziwiri zimene samu ya papepala imabisa.

Choyamba, mukaunjika zomwa mawu zonse kusiling'i, pansi pali ana, mawu oyenda chopingasa amapitirizabe kunjanja pakati pa makoma olimba oyang'anizana, pamwamba pa mitu ya ana, osakhudza siling'iyo. Chipinda chimalira kuposa mmene samu inalonjezera. Mankhwala ake ndi kuika gawo lina la zomwa mawu pakhoma lakumbuyo, ndi pakhoma limodzi la m'mbali ngati mazenera alola. Chachiwiri, si mawu onse onjanja amene ali adani. Amene afika pakhutu pasanathe magawo 50 pa 1000 a sekondi, ubongo umawaphatikiza ndi mawu olunjika, ndipo amalimbitsa liwu la mphunzitsi. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye njira yokhota isatalike kuposa yolunjika ndi mamita 17. Izi n'zofunika chifukwa mawu olunjika amatsika ndi madesibelo 6 mtunda ukawirikiza kawiri. Liwu la madesibelo 65 pa mita imodzi limafika pamamita 8 lili 47 basi. Mwana wakumbuyo amakhalira mawu onjanja msangawo, makamaka mphunzitsi akatembenukira kubolodi. Bradley yemwe uja anaonetsa kuti thandizo lawo limatha kufika madesibelo 9. Choncho m'makalasi aatali nthawi zambiri timasiya khoma la bolodi lolimba, pakati pa siling'i cha kutsogolo n'kusiyanso polimba kuti paziponya mawu kumbuyo, ndipo zomwa mawu timazizunguliza m'mphepete ndi kumbuyo. Kuti gawo lolimbalo likule bwanji m'kalasi mwanu, limenelo ndiye funso loyenera kompyuta.

Mapulogalamu odziwika ndi ODEON, imene inayambira ku Technical University of Denmark m'ma 1980, CATT-Acoustic ya ku Gothenburg m'dziko la Sweden, ndi EASE ya ku Berlin. Onsewa ndi ogula, ndi ndalama zakunja, pamtengo woti sukulu ya pulayimale isauganizire n'komwe. Mnyamatayo afunse kaye kusukulu kwake ngati alipo. Apo ayi, pali I-Simpa, yaulere, yopangidwa ndi ofufuza a ku Université Gustave Eiffel ku France, ndi Pachyderm, imene imagwira ntchito m'kati mwa pulogalamu yojambulira ya Rhino. Pakalasi ya makona anayi, zaulerezi zikwanira. Adziwe chabe kuti njira ya timizere imaona mawu ngati kuwala, ndipo m'chipinda chaching'ono chotere siikhulupirika pamawu a besi, pansi pa mahetsi 200 kapena cha pomwepo. Mwayi wake ngwakuti zimene zimasiyanitsa mawu oyankhula zili pamwamba pa pamenepo.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikhalitsapo. Mapu amitundu aja amakopa maso, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1995 Michael Vorländer, ali kubungwe loona za miyeso la ku Germany la PTB, anapereka holo imodzi kwa ogwiritsa ntchito mapulogalamu oposa 10 kuti alosere kamvekedwe kake, n'kuyerekeza mayankho awo ndi zimene zinayezedwa m'holo yeniyeniyo. Atatu okha ndiwo anapezeka odalirika. Mapulogalamu apita patsogolo kwambiri chichokereni nthawi imeneyo, koma khomo lolowera bodza likadali lomwe lija: manambala amene munthu walowetsa. Manambala a m'mabuku anayezedwa pazipangizo za kunja. Mphasa ya bango, mkeka, chiguduli, nsungwi zolukana, mabuloko oumbidwa pamalo omangira, zonsezi mulibe m'ndandanda wa pulogalamu iliyonse. Ngakhale zimene zilimo zimasintha ndi dzanja la mmisiri. Buloko la simenti lokhakhala, losapaka kanthu, mabuku amalipatsa pafupifupi 0.3. Lomwelo likapakidwa penti limatsika pansi pa 0.1.

Ine zinandionekera. Holo ina ya sukulu ndinaiwerengera bwinobwino, kalipentala n'kukhoma softboard monga tinagwirizana. Nditabwera kudzayeza, ndinaomba m'manja pakhomo pomwe, mtima wanga n'kugwa, kamchira kaja kanali kakadalipo. Ndinakwera padesiki n'kusisita siling'iyo ndi chala: see, ngati mbale yadothi. Kunali kukubwera alendo odzatsegulira nyumbayo, ndiye wopenta anaikutira kawiri ndi penti wa oyilo kuti iwale. Timabowo tonse tolowera mawu tinatsekeka. Mbali ina ya mlanduwo inali yanga, chifukwa sindinalembe papulani kuti isapakidwe penti wotere, ndipo kapitawo sindinakhale naye pansi kumufotokozera chifukwa chake. Kompyuta inalosera zoona za siling'i imene ndinaiuza, koma siling'i imeneyo sinalinso m'holomo.

Ndiye mnyamatayo asayambe ndi kujambula, ayambe ndi kuyeza. Agule mabaluni khumi. Loweruka lomwe lija, mazenera ali otseka, mmodzi aime pabolodi aphulitse baluni ndi singano, wina ajambule phokosolo pafoni ali pakati, kenaka kumbuyo, kenaka pakona. Mapulogalamu aulere monga REW kapena Audacity amuthandiza kuona mmene phokosolo likutsikira. Kawirikawiri sitidikira madesibelo 60 onse, timayeza nthawi yotsikira 20 n'kuchulukitsa katatu. Foni si chida cha katswiri, ina imadzichepetsera yokha phokoso likakula, koma mukabwereza kangapo ndi foni imodzi yomweyo mupeza nambala yogwirika. Akatero ajambule kalasiyo mmene ilili lero, n'kusintha manambala a malata ndi makoma mpaka kompyuta igwirizane ndi baluni, kusiyana kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 10. Pokhapokhapo ndi pamene tingaikhulupirire ikamanena za kalasi imene sinakhalepo.

Za mphasa, chitani zimene anachita Sabine ndi makushoni ake. Bwerekani mphasa kwa makolo, muziyeze kukula, muzipachike mmene mukufuna kudzazipachikira, muphulitsenso baluni. Tiyerekeze kuti mwapachika masikweya mita 20 ndipo kulira kwatsika kuchoka pa 2.9 kufika pa 2.0. Samu ija mukaitembenuza ikuuzani kuti zomwa mawu zakwera kuchoka pa 12.1 kufika pa 17.6. Kusiyanako, 5.5, mukagawa ndi 20, mwapeza nambala ya mphasa zanu, ndipo imeneyo ndi imene ilowe mukompyuta. Yesani kawiri: mphasa itamatirira kukhoma, ndiponso itakhomedwa patimatabwa tosiya mpata wa masentimita 10 kuseri. Chinthu chopyapyala chimamwa bwino chikatalikirana ndi khoma, chifukwa pakhoma penipeni mpweya sugwedezeka kwenikweni. Mukaika ziguduli kapena mabulangete akale mumpatamo, yesaninso, muone nambala ikusintha bwanji. Ana a Sitandade 8 akhoza kuthandiza samuzi. Muganizirenso za moto, chiswe ndi fumbi: zinthuzi zikhale pamwamba poti ana safikira, kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo zikhale zotheka kutsitsa n'kukung'untha patchuthi. Matireyi a mazira musataye nawo nthawi. Amangofanana maonekedwe ndi zipangizo za m'masitudiyo, amamwa pang'ono, ndipo amayaka ngati udzu.

Pali zinthu ziwiri zimene mapulogalamu ndatchulawa sangakuuzeni pokhapokha munthu ataziganizira yekha. China ndi mvula. Mvula yamphamvu pamalata opanda kanthu kunsi kwake imatha kufika madesibelo 70 ndi kupitirira, kuposa liwu la mphunzitsi ali pafupi, ndipo teremu yachiwiri yonse imagwera m'dzinja. Kuwerengera zimenezi kuli ndi mapulogalamu akeake, monga INSUL ya ku New Zealand, koma yankho lake talidziwa kale: siling'i yotseka bwino, ndipo ndalama zikalola, chofunda chonga thonje chimene amalonda amati fibreglass kapena rockwool pamwamba pake. Siling'i yomweyo idzachepetsanso ng'anjo ya mwezi wa Okutobala. Musanaikhome, tsekani podontha ponse, poti softboard ikanyowa imafufuma n'kugwa, ndipo m'mphepete mwa denga muike sefa kuti mileme isapezemo nyumba.

Chinacho ndi khoma lolekanitsa makalasi awiriwo. Imani pansi pake muyang'ane kumwamba. M'mabuloko ambiri khomali limathera pamsinkhu wa makoma akunja, pamwamba pake n'kutsala mpata wa makona atatu mpaka kumalata. Ngati ndi mmene zilili kwanu, ndiye kuti muli ndi chipinda chimodzi chachikulu chokhala ndi aphunzitsi awiri opikisana, ndipo a Sitandade 2 akamaimba, oyandikana nawo sangaphunzire. Ndalama yoyamba ipite pamenepo. Bilidala akweze khomalo mpaka likagunde malata, atseke timipata ta m'mizera ya malata ndi matope a simenti, asasiye ngakhale polowa dzanja. Siling'i yopyapyala payokha siletsa mawu kudumpha khoma. Ntchito ina yotsika mtengo ndi kudula matayala akutha n'kukhomera timphira kumiyendo ya madesiki ndi mabenchi.

Sipika ija tsopano. Imakweza liwu la mphunzitsi, zoona, ndipo pakhosi pake pamapumako. Koma m'chipinda cholira imakwezanso kulirako, chifukwa mphamvu yonse yoonjezerayo imakanjanja pamakoma omwe aja. Imadutsa pamwamba pa khoma kukasokoneza kalasi inayo, nayonso idzafuna yake. Mwana akamayankha funso alibe maikolofoni, choncho anzake samumvabe, ndipo kalasi imasanduka msonkhano wa munthu mmodzi. Pamwamba pa izo pali batire, kutchaja ndi kuba. Sindikuikana kotheratu. Mukakonza chipinda, ana n'kukhalabe oposa 100, kapena pali mphunzitsi amene mawu ake anavulala kale, kasipika kamphamvu pang'ono kadzathandiza, ndipo pamenepo kompyuta ingakuuzeni popachika.

Popita kukomiti, mnyamatayo asatenge mapu khumi. Atenge atatu: kalasi mmene ilili, kalasi ya siling'i yosalala, ndi kalasi ya siling'i yomwa mawu pamodzi ndi khoma lakumbuyo, lililonse ndi mtengo wake wochokera kwa kalipentala wa kwanu komweko. Akapeza mwayi wa pulogalamu yogula, ambiri mwa mapulogalamu amenewo amatha kumveketsa chipinda chisanamangidwe. Ajambule mmodzi wa aphunzitsi anu akuwerenga ndime ya Chichewa ndi ya Chingerezi pakati pa bwalo la mpira, kopanda khoma lobweza mawu, alowetse mukompyuta, ndipo apampando a komiti ndi amayi a mother group avale mahedifoni amve zimene mwana wa pakona amamva lero ndi zimene adzamve. Konzani kalasi imodzi yokha poyamba, ya ana ang'ono, muyeze ndi baluni musanayambe ndiponso mutamaliza, kuti yachiwiriyo idzapindule ndi zimene mwaphunzira. Podikira zonsezi, Lolemba lomweli afunseni aphunzitsi awiriwo ana amene amatembenuza mutu kuti amvere khutu limodzi kapena amene amadwaladwala makutu, muwasunthire kutsogolo, ndipo makolo awo muwalimbikitse kupita nawo kuchipatala. Mukayeza, nditumizireni miyeso ya chipindacho, kukula kwa mazenera, chiwerengero cha ana ndi manambala a baluni, tidzaonere limodzi samuyo kalipentala asanadule thabwa.